Mayi Nalungwe Sankapereka Malangizo

Loweruka lapitali tinali ku Chisenga kovundukula chiliza cha Mayi Nalungwe, ndipo ndabwerako mtima ukuwawa kuposa tsiku limene tinawaika m'manda. Olankhula anaimirira mmodzimmodzi, aliyense atakonza tayi, n'kumabwereza nyimbo imodzi. Akuti mayiwa anali munthu wa malangizo abwino. Akuti wopita kwa iwo ankabwerako atalangizidwa mokwanira. Mkulu wa bungwe limene ankagwirako ntchito anafika ponena kuti malangizo awo atsala nafe mpaka muyaya. Ndinangoluma mlomo. Bodza la pamaliro timalilekerera poti ndi ulemu, koma ili linandikwana, chifukwa palibe chimene Mayi Nalungwe ankadana nacho kuposa malangizo. Akanakhala kuti akumva pansi pa simentiyo akanatsokomola kaye, monga ankachitira akafuna kumuyalutsa munthu.

Ine ndine wapolisi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhalitsa ku Chitipa kuno, ku nthambi yolandira anthu ozunzidwa. Mayiwa ndinawadziwa chifukwa cha ntchito, poti anthu amene chitolokosi sichikanawathandiza ndinkawaperekeza kwa iwo. Anali namwino wa matenda a m'maganizo. Anaphunzira kumwera, anagwira kumeneko zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerera kwawo. Bungwe lina linawapatsa kachipinda kuseri kwa msika wa pa boma kuti azichezeramo ndi anthu osweka mtima.

Ku chilizako maso anga ankafunafuna munthu mmodzi, Tusekile wa ku Misuku, koma sanabwere. Iyeyo ndiye akananena zoona. Moyo wake unali m'manja mwa mayiwa, ndipo lero sindikudziwa kuti uli m'manja mwa yani. Khofi wapsa ku Misuku, ndipo nyengo imeneyi ndi imene imamugwetsa chaka ndi chaka.

Mayi Nalungwe anali wamfupi, wojintcha, ndipo ankavala jekete lachimuna la pa kaunjika ngakhale mu Okutobala. M'thumba la jeketelo simunkasowa mtedza wokazinga, ndipo sankagawira aliyense. Kunja anali munthu wovuta, tisanamizane. Anakangana ndi ogulitsa nyama, makondakitala, abusa a mpingo wawo womwe, ngakhale ine ndili mu yunifolomu. Koma akalowa m'kachipinda kaja pakamwa ankapasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Munthu yemweyo amene m'mawa walalata msika wonse ankatha kukhala duu mpaka dzuwa kupendeka, akumvetsera bambo wina akuzungulirazungulira nkhani imene akuopa kuitchula.

Tsiku loyamba ndinawapititsira mnyamata amene anatchova njuga ndi katundu wa abwana ake mpaka kufuna kudzimangirira. Njira yonse ndinali ndikumuuza za moyo, kuti ndi wamng'ono, kuti aganizire amayi ake. Tikufika pakhomo n'kuti ndikadalalikirabe. Mayiwa anatsokomola.

"Mwamaliza, a Sajeni?"

"Ndimangomulimbitsa mtima, Mama."

"Nadi. Ndiye ngati walimba mwabwera naye kudzatani? Lutani, pitani mukagwire akuba. Uyu musiyeni apume, makutu ake atopa."

Ndinachoka nditafufuma. Patapita nthawi, tsiku lina atakondwa, ndi pamene anandifotokozera za ntchito yawo. Ankati aphungu padziko pano ali m'mipingo ngati Akhristu, ndipo mpingo uliwonse umati kumwamba ndi kwawo kokha. Mayina a m'mabuku ankawadziwa, koma anali ndi awoawo.

Ena ankawatcha okumba. Awa amakhulupirira kuti chimene chikukupweteka lero chinakwiriridwa uli mwana, pamene unalibe mawu ochinenera, ndipo ntchito ya phungu ndi kukumba nawe mpaka muchipeze. Mayiwa ankawalemekeza okumba. Ankati nthawi zambiri amanena zoona zimene sitifuna kumva. Vuto lake, kukumbako kumatenga zaka, ndipo mlimi wa ku Nthalire amene wabwera pa lole msewu uli matope okhaokha sungamuuze kuti azibwera sabata iliyonse kudzakamba za agogo ake. Komanso ankati anaona okumba ena akusiya munthu dzenje lili pululu, nthawi itatha.

Ena anali owongola. Awa amati chimene chimakudwalitsa si chimene chachitika koma chimene ukudziuza pa chochitikacho. Ndiye amagwira ganizo limodzi, monga lakuti ndine wopanda pake, n'kulifunsa umboni ngati kukhoti, kenaka n'kukupatsa zokachita kunyumba. Njira imeneyi ndi yachangu, ndipo mabungwe amaikonda chifukwa imatha. Mayiwa ankaseka kuti wowongola akhoza kutsutsana ndi munthu amene nyumba yake ikupsadi.

Osonkhanitsa amati wodwalayo wangosenza matenda a nyumba yonse, choncho itanani onse. Awa mayiwa ankati ali pafupi ndi ife, kungoti mabuku awo analembedwa ndi anthu amene amadya ndi apongozi awo patebulo limodzi. Za ankhoswe ndi abusa ankati ndi anthu abwino amene amayamba ndi yankho, funso n'kumalimva pambuyo.

Iwo mtima wawo unali kwa omvetsera, amene amati munthu amadziwa yekha pamene pakumupweteka, ndipo akapeza womulandira osamuweruza amaipeza yekha njira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ankatero. Koma ngakhale mpingo wawowu sankausiya osaunyoza. Ankati womvetsera wopusa amangogwedeza mutu mwaulemu mpaka munthu kukafika pa mtengo ndi chingwe. Nditawafunsa kuti nanga njira yabwino koposa ndi iti, anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anandifunsa ngati kwathu ku Ntcheu timakangana kuti chabwino n'chiti pakati pa khasu ndi nkhwangwa tisanaone munda.

M'bungwemo munalinso mnyamata wina, Gondwe, wa ku Rumphi, wophunzira bwino, wowongola weniweni. Sanali chitsiru, ndipo zimenezi ndi zimene zinkawapsetsa mtima mayiwa. Panali ofisala wina wa za pasipoti wa ku Mulanje amene anapulumuka pa ngozi ya basi pa msewu wa ku Karonga. Kuyambira pamenepo akangomva fungo la dizilo mantha ankamugwira, ndipo anakhala osapita kwawo ngakhale pa maliro a mchimwene wake. Mayi Nalungwe anamumvetsera miyezi, munthu ankatuluka atapepukidwa, koma basi osakwera. Gondwe anamutenga n'kukamukhazika mu minibasi yoima pa depoti, injini ili zii. Sabata inayo anailiza. Kenaka anazungulira nayo msika. Mvula isanagwe munthu uja anakafika ku Mulanje. Mayiwa sanamuyamikire Gondwe ngakhale theka la liwu. Anangoyamba kuuza anthu ena kuti, pitani kwa mnyamata wa mafunso uja, ine ndatopa nanu.

Tusekile ndinamupeza m'chipatala. Anali atamwa mankhwala opopera khofi, ndipo poti lamulo lathu limati kuyesa kudzipha ndi mlandu, atatsitsimuka a kuchipatala anatiitana. Ndinapeza kamtsikana kosakwana zaka makumi awiri, katayang'ana kukhoma. Akuluakulu anga anavomera kuti nkhaniyi iyambire kwa aphungu. Chimene tinkadziwa n'chakuti mwana wake woyamba, wa miyezi yochepa, anamwalira mwezi wapitawo, ndipo mwamuna wake anali ku Joni. Zimene ndikulembazi anandilola yekha, dzina lokha ndasintha.

Abusa anabwera n'kumuwerengera za Yobu, iye osatembenuka. Gondwe anayesa njira yake. Atamva mtsikanayo akunong'ona kuti anapha mwana wake, anamufunsa mofatsa.

"Mlongo wane, umboni wake uli kuti woti munamupha ndinu?"

"Ali m'manda," anatero Tusekile.



Mayi Nalungwe anangokhala pambali pa bedi. Tsiku loyamba sanalankhule kanthu kupatula moni. Tsiku lina ndinawaona atamupatsa mtedza, chinthu chimene sindinachionepo kwa wina aliyense. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono.

Kwathu mkamwini amapewa apongozi ake aakazi, koma zimenezo ndi masewera poyerekeza ndi kumapiri kuja. M'mabanja amene akusungabe mwambo, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Salankhula nawo, satchula dzina lawo, ndipo akakumana panjira amapatukira kutchire. Nawonso apongoziwo amamupewa chimodzimodzi. Tusekile ankakhala pakhomo pa apongozi ake, a Msukwa, ndipo banjalo linali losunga mwambo.

Tsiku limene mwanayo anamwalira, anthu onse anali ku maliro ena kuseri kwa phiri. Pakhomo panatsala Tusekile ndi mwana, komanso a Msukwa akusankha khofi pa thandala, njinga yawo yamoto ili pakhonde. Mwana anatentha thupi, kenaka anayamba kugwedezeka maso atatembenuka. Panalibe womutuma. Tusekile anakaima kuseri kwa nthochi, atafulatira, n'kukuwa ngati akuuza nthochizo kuti mwana akufa. A Msukwa anamva. Koma kumukweza panjinga kukanatanthauza kuti mkamwana awagwire m'chiuno, chifuwa chake chili pamsana pawo, msewu wonse anthu akuona. Ndiye analiza njinga n'kuthamangira ku maliro kukatenga akazi awo kuti ndiwo adzanyamule mwanayo. Sanamuuze kanthu, poti sakanatha kumulankhula. Tusekile anangomva njinga ikupita mbali ina. Anabereka mwana n'kuyamba wapansi njira yachidule yopita kuchipatala, ndipo mwanayo anamwalirira pa chikweza. Pa maliro a mwanayo apongozi ake aakazi anamuuza liwu limodzi, lakuti ukanadikira.

Masiku omwewo bungwe linalandira mlendo wochokera ku Lilongwe, mayi wophunzitsa aphungu njira ya osonkhanitsa. Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kake kanalidi kakuthwa. Anamva za Tusekile n'kunena kuti iyi ndi nkhani ya banja lonse, tionetsere pomwepa. Mayi Nalungwe anauzidwa kuti akhale kumbuyo aonerere, nawonso aphunzireko zatsopano. Palibe anawauza kuti a Msukwa aitanidwa.

Mipando anaiika mozungulira mu holo. A Msukwa anafika atavala jekete la kutchalitchi, akuganiza kuti ndi mlandu wa kupolisi. Ine ndinalowa ndi Tusekile. Atangowaona anagwa chogwada pakhomo pomwepo n'kudzifunditsa chitenje kumutu.

"Dzukani, achemwali," anatero mlendoyo mokoma mtima. "Muno tonse ndife ofanana. Khalani apa moyang'anana ndi bambo, muwauze mmene mukumvera mumtima."

A Msukwa anayang'ana kudenga, thukuta lili kamukamu. Aphungu obwera kudzaphunzira, ndi Gondwe yemwe, ankangoonerera. Mlendoyo anawerama n'kuyamba kuchotsa chitenje chija pang'onopang'ono. Kumbuyo kunamveka kutsokomola.

"Chotsani dzanja lanu pa mwanayo."

"Mayi, chonde, tili m'kati mwa ntchito."

"Ndati chotsani. Mukumuvula pamaso pa apongozi ake." Anatembenukira kwa Gondwe. "Ndipo iwe, kwanu ku Rumphi amama ako ankadya mbale imoza ndi asekulu ako, apongozi awo aamuna? Ukumanya makora, ukuzidziwa bwino zimenezi. Wakhala chete chifukwa chiyani? Ukuopa kuti sakupatsa satifiketi?"

Gondwe anazolika. Mlendoyo sanagonje. Ananena kuti kusalankhulanako ndi matenda amene, kuti mwambowo ndi umene unapha mwana, ndipo phungu amene amaugwadira akuthandiza matendawo.

"Enya, mwambo wapha mwana," anatero Mayi Nalungwe. "Ndiye mukufuna uphenso amake lero lomwe, inu muone mmene zimachitikira?"

Anamudzutsa Tusekile n'kutuluka naye, chitenje chidakali kumutu. Ndimakwiyabe ndikakumbuka tsiku limenelo, koma ndinene chilungamo: mlendoyo sananame. Banja lija linkafunikadi kulankhulana. Chimene sanachione n'chakuti mpando umene anamukonzera Tusekile sakanakhalapo ngakhale atamuloza ndi mfuti. Kwa masabata angapo pambuyo pake mtsikanayo anayambanso kungoyang'ana kukhoma, ndipo tinkachita kusinthana pomulondera.

Tusekile atayambanso kudya, Mayi Nalungwe anati tipite ku Misuku. Tinakwera lole. Mayiwa anasanza njira yonse, ndipo akapeza mpweya ankatukwana dalaivala pa makhota. Titafika sanalowe m'nyumba. Anaizungulira kawiri ngati akufuna kuigula, kenaka anapempha kampando n'kukakhala pangodya penipeni. Tusekile anamukhazika mbali imodzi ya khoma, a Msukwa mbali inayo. Aliyense ankaona Mayi Nalungwe okha, koma mawu ankamveka mbali zonse. Apongozi aakazi anakhala ndi ine pansi pa mtengo wa peyala. Zambiri zinali m'Chisukwa, ndipo ndikulemba monga Tusekile anandimasulira pambuyo pake.

"Yankhula ndi ine, mwana wane," anatero mayiwa. "Pano pali ine ndekha amene ukumuona."

 Nkhuku zinadutsa, zinabwereranso.

"Ndinamva njinga ikupita, Mama. Ndinati andisiya. Ndinawatukwana mumtima. Njira yonse ndinkawatukwana, mawu oipa, ndinatchula ndi dzina lawo lomwe. Mwana analeka kupuma ndili m'kati motukwana. Ndiye ndikudziwa chimene chinamupha."

Izi anali asanauzepo munthu, ngakhale Mayi Nalungwe amene. Pakamwa panga panayabwa. Ndinkafuna kufuula kuti ayi, malungo ndi malungo, palibe wolakwa. Mayiwa anandiponyera diso limodzi lokha, ndipo ndinameza mawu anga. Sanamutonthoze Tusekile. Anangotembenuzira mutu mbali ina ya khoma n'kudikira.

A Msukwa atayamba kulankhula, mawu awo anali osasa.

"Mama Nalungwe, mumuuze mwana wa eni akeyo kuti anatukwana bwino. Njinga inali ndi mafuta. Pakamwa ndinali napo. Liwu limodzi lokha, lakuti kwera, linandikanika. Ndinaopa maso a anthu kuposa imfa ya mdzukulu wanga. Mumuuze kuti si iye anafulumira, ndinachedwa ndine. Njingayo chiikireni tsiku lomwelo sindinaikhudzenso."

Mayi Nalungwe sanabwereze kalikonse, poti zonse zinali zitamveka. Tusekile analira kulira kumene sanalire pa maliro. Kuseri kwa khoma nkhalamba nayo inkalira. Apongozi aakazi anadzuka pamene tinakhala, anaima kanthawi ngati asokonezeka kuti apite mbali iti, kenaka anapita kwa mkamwana wawo.

Pobwerera ndinawafunsa kuti bwanji analola nkhalamba idzipachike mlandu wotere. Anandiyankha maso ali otseka, akulimbana ndi nseru. Anati mtsikanayo anasenza mtolo wonse yekha, ndipo lero mwini theka lina watola theka lake. Ukawauza kuti palibe mtolo, onse awiri akuona kuti ndiwe wabodza, ndipo sadzakuuzanso kanthu. Nditati ndiye mwagwiritsa njira ya mlendo uja, anatsekula diso limodzi n'kunena kuti njirayo si ya mlendo, mlendo anangobwera ndi mipando.

Ganizo lakuti kutukwana kunapha mwana silinachoke tsiku lomwelo. Linkabwerabe, makamaka akagona. Pamenepo Mayi Nalungwe anamutumiza kwa mnyamata wa mafunso. Ulendo uno Gondwe anali ndi pogwira, ndipo anagwira ntchito yabwino. Anamuphunzitsa kuligwira ganizolo likamabwera, kulifunsa kuti ndi amayi angati amene anatukwanapo mumtima ana awo n'kukhalabe moyo, ndi kudzuka kukachita kanthu m'malo mogona nalo. Tusekile ananenepa. Mwamuna wake anabwera ku Joni, ndipo anabereka mwana wina. Koma khofi akapsa, fungo lake ndi kuzizira kwa nyengoyo zinkamubwezera pa chikweza chija, ndipo ankatsika kudzakhala ndi mayiwa tsiku limodzi kapena awiri.

Apa ndiye pamene mkwiyo wanga umagawikana, chifukwa wina ndimausungira malemuwo. Mayi Nalungwe sanamukhululukire Gondwe chifukwa cha chete wa mu holo muja. Ankamubaya nazo tsiku ndi tsiku, ngakhale pamaso pa anthu. Mnyamatayo anadzichepetsa. Anawapempha kuti azikhala nawo m'chipinda, odwala akalola, kuti aphunzire mmene amachitira. Anamukana. Anati kumvetsera sikuphunzitsidwa, ndipo munthu amene anaona mkamwana akuvulidwa n'kukhala chete ali ndi makutu a tebulo. Limenelo linali bodza, ndipo ankadziwa, poti iwo amene anachita kuphunzitsidwa. Linali liuma la ukalamba basi. Gondwe anapirira mpaka anatopa, ndipo atapeza ntchito ku Mzuzu anapita.

Ndi bungwe nakonso sizinkayenda. A bungwewo ankafuna kuti munthu aonedwe maulendo owerengeka kenaka apatse mpata ena, poti osowa thandizo ndi ambiri. Mkulu uja amene analankhula zokoma ku chiliza ndi yemwe anawadzudzula pa msonkhano kuti akuzoloweretsa anthu kudalira iwo, n'kutchula Tusekile ngati chitsanzo. Mayiwa anamuyankha kuti chisoni sichinawerenge ndondomeko ya bungwe. Ndinaseka nawo tsiku limenelo. Lero sindikuseka, chifukwa mkuluyo, ngakhale ndimamuda, anali ndi kachoonadi kake. Munthu mmodzi asamakhale mlatho wokhawo.

Mayiwa ndinawauza zimenezi pamaso atadwala. Anagwa pa depoti ali m'kati mokalipira kondakitala amene anakhazika mayi woyembekezera pampando wakumbuyo. Dzanja ndi mwendo zinafa, koma lilime linatsala. Nditapita kukawaona sindinathe kudzigwira.

"Mama, mwathamangitsa aliyense. Mukapita, anthu anu aja apita kwa yani?"

"Ndiye mukuti ndisafe, a Sajeni? Lembani samani, mukapereke kwa Chiuta."

"Sindikuseka, Mama."

Anayang'ana kumbali. "Nkhumanya, ndikudziwa," anatero. "Mnyamata uja ndinamulakwira. Mumuimbire."

Ndinamuimbira. Gondwe ananyamuka, koma anafika tikukumba manda.

Lachitatu lino, patangopita masiku ochepa chibwerereni ku Chisenga, Tusekile anandipeza ku ofesi. Anali ndi mwana kumbuyo ndi kachikwama ka pulasitiki m'manja. Maso ake anali ofiira ngati munthu amene sanagone sabata yathunthu. Anati ku chiliza sanabwere chifukwa mwana anatentha thupi, ndipo ngakhale wachira, iye tulo tathawa. Anandipempha kuti ndimutsekulire chipinda cha Mama, angokhalamo pang'ono.

Tinapita limodzi. Pachitseko panali loko watsopano. Mlonda anati kiyi ali ndi bwana, ndipo bwana ali ku msonkhano ku Mzuzu. Phungu wina akuti adzabwera ndalama za chaka chamawa zikatuluka. Ndinaimbira Gondwe pomwepo, ndipo analankhula naye bwino ndithu, n'kulonjeza kuti aziimba. Koma kwa a Msukwa foni imagwira ukakwera pamwamba pa phiri, ndipo maganizo amenewa sadikira kuti munthu akwere phiri.

Atabweza foni, Tusekile anamasula kachikwama kaja. Munali botolo la mankhwala opopera khofi.

"Zikandilemera ndimabwera nalo, Mama ankandisungira," anatero. "Apongozi aamuna ndiwo amalipereka kwa akazi awo kuti andipatse ndibwere nalo kuno. Mtima ukakhala pansi ndimadzalitenga. Sono lero ndilisiye kwa njani?"

Ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinamupempha kuti agone kwathu masiku angapo, tikaonanenso ndi a kuchipatala. Kuchipatala anavomera, ndipo tinapita, koma zogona anakana. Anati khofi akugwa m'munda ndipo palibe wothyola. Ndinamukweza lole, n'kumuuza dalaivala kuti akamutsitse pakhomo penipeni.

Lole itapita ndinabwerera kuseri kwa msika, botolo lili m'manja, n'kusuzumira pawindo. Chipindacho achisandutsa mosungira katundu. Pakati aunjikapo matumba a mbewu ndi njinga zakapalasa zopanda matayala. Mipando aisanjikiza miyendo m'mwamba. Kukhoma lakumanzere kuli kashelefu kamene kale sindinkakalabadira, kamene pankakhala mabotolo, zingwe zokulungidwa bwino, ndi mpeni umodzi wokutidwa m'nyuzipepala. Ndinkayesa ndi zinyalala za munthu wosataya zinthu. Wina anakonza m'chipindamo n'kuzitaya zonse, ndipo palibe amene anafunsa kuti eni ake ndi ndani, kapena kuti chaka chino zawo azisiya kuti. Pashelefupo patsala fumbi lokha, ndi timadontho tozungulira pamene mabotolo ankakhala.